Mphepo: Mbiri ya Liu Limodzi

Pali mau ena amene tiwachula kawirikawiri kotero kuti sitifunsanso kumene anacokera. Ali ngati mtondo wa pakhomo, umene mwana aupeza ulipo nakula akusinjiramo, osafunsa amene anausema. Limodzi la mau otere ndilo lakuti mphepo. Ndifuna kuti lero tilinyamule, tilitembenuze uku ndi uku, kuti tione zimene makolo athu anasungamo.

Cimene cinandiyambitsa maganizo amenewa ndi kanthu kakang'ono. Tsiku lina m'mwezi wa Juni ndinakacezera sukulu ina ya kumudzi m'boma la Katete, kukaona m'mene ana atsatira maphunziro a pa wailesi. Mphunzitsi anali kuphunzitsa za nyengo, ndipo analemba pa bolodi kuti mphepo ndi mpweya woyenda. Ana onse anabwereza pamodzi monga mwa cizolowezi cao. Koma kamnyamata kena kamene kanakhala kumbuyo, manja ali m'khwapa, kanaimika dzanja nikati, "Aphunzitsi, ine ndikumva mphepo, koma mazenera onse ngotseka. Nanga ukuyenda ndi mpweya uti?" Anzake anaseka. Mphunzitsi anayankha kuti kumeneko ndi kuzizira, si mphepo ai, ndipo anapitiriza phunziro. Ine sindinanene kanthu, pakuti mlendo sadzudzula mwini kalasi pamaso pa ana. Koma mumtima ndinadziwa kuti mwanayo sanalakwe. Analankhula Cinyanja ceniceni, ndiponso cakale kuposa ca m'buku lija.

Tiyeni tiyambe ndi abale a liuli. Kwa Abemba, impepo ndiko kuzizira. Kwa Atonga a kumwera kwa dziko lathu, mpeyo ndiko kuzizira. Ku Rwanda imbeho ndi kuzizira komweko. Koma Ashona a ku Zimbabwe akati mhepo, Atswana akati phefo, Aswahili akati upepo, onsewa anena za mphepo yoomba. Aganda a ku Uganda ati empewo, ndipo liu lao, monga lathu, ligwira nchito zonse ziwiri. Ku Kinshasa olankhula Lingala acha mphepo mopepe, ndipo pamene ndege inaoneka koyamba kumwamba kwao anaipatsa dzina lakuti mpepo.

Kufanana kotere sikucitika mwangozi, ndiponso sikuti mtundu wina unabwereka kwa unzake pa msika. Zinenero zonsezi ndi ana a mai mmodzi. Wilhelm Bleek, katswiri wa ku Germany amene anagwira nchito ku Cape Town, ndiye anazicha Bantu m'zaka za m'ma 1850 ndi 1860, poona kuti pafupifupi zonse zichula anthu ndi liu lofanana. Pambuyo pake Carl Meinhof mu 1899, ndiponso Malcolm Guthrie m'mabuku ake anai amene anatuluka pakati pa 1967 ndi 1971, anafanizira mau ambirimbiri pofuna kupeza mizu yake m'cinenero ca makolo, cimene cinalankhulidwa kufupi ndi malire a Nigeria ndi Cameroon zaka 4,000 kapena 5,000 zapitazo. Pakati pa mizu imene inapezeka pali wakuti pepo, ndipo matanthauzo ake ndi awiri: mpweya woomba, ndi kuzizira. Mitundu ina inasunga tanthauzo limodzi nitaya linalo. Ife tinasunga onse awiri.

Mwina wina adzafunsa kumene kwacokera h wa m'liu lathu. Ndi mwambo wa lilime lathu kuti p akatsatana ndi m wa mtundu umenewu amatuluka ndi kampweya. Kupatsa kubala mphatso, kupambana kwa njira kubala mphambano. Momwemonso pepo anasanduka mphepo. Muzu womwewo muumvanso m'liu lakuti kupepuka, pakuti cinthu copepuka ndico cimene mphepo ikhoza kucinyamula, ndi m'liu lakuti kupepeta, nchito ya amai ndi licero.

Nanga cifukwa ninji liu limodzi ligwira mphepo ndi kuzizira pamodzi? Yankho liri m'nyengo za dziko lino. Kuyambira Meyi kufikira Ogasiti, pamene dzuwa lapendekera kumpoto, mpweya wolemera ndi wozizira uunjikana pamwamba pa nyanja ya India ndi pa maiko a kumwera kwa Africa, ndipo ukhuthukira kuno kucokera pakati pa kum'mawa ndi kumwera. Thambo liyera, ndipo usiku nthaka itaya msanga kutentha konse kumene inalandira usana, makamaka pa malo okwera monga Lusaka, Chipata ndi Lundazi, amene ali mamita oposa 1,000 pamwamba pa nyanja yaikulu. M'madambo cisanu cipsereza masamba a mbatata ndi nthoci. Nthawi zina mphepoyo ifika ndi mitambo yotsika ndi kamvula kowaza, kamene anzathu a ku Malawi akacha ciperoni potsata phiri la Chiperone ku Mozambique. Munthu amene wagona pa mphasa m'nyumba ya mitengo ndi dothi m'mwezi wa Julai, mphepo ikulowera m'ming'alu ya cipupa, safuna mau awiri. Comwe ciomba ndico comwe cimluma. M'Ogasiti ndi Seputembala mphepo ikulirakulira koma iyamba kufunda, nisanduka ya fumbi. Ali yense amene anapitako ku Kulamba ku Mkaika, kumapeto a Ogasiti, adziwa m'mene anthu abwerera atafiira kuyambira kumutu kufikira kumapazi.

Cotero mai akanena kuti, "Mfunditseni mwanayo, kuli mphepo," palibe amene atuluka kukaona ngati masamba akugwedezeka. Akati mphepo yamlowa m'cifuwa, anena za matenda amene a cipatala awacha cibayo. Ndipo ngakhale tidziwa tsopano kuti cibayo cidza ndi tizirombo tosaoneka ndi maso, nzoona kuti matenda a m'cifuwa aculuka m'miyezi imeneyi. Munthu wotopa ndi nchito kapena ndi mkangano wa m'nyumba amati akapitidwe mphepo. Malonjezo osakwaniritsidwa timati anapita ndi mphepo.

Tiri nalonso liu lina, lakuti mpweya. Mpweya ndiwo umene tipuma, umene utuluka m'mphika wowira, umene uli m'cikhodzodzo ca mpira. Ukhoza kukhala cete. Mphepo ndiyo iri pa ulendo. Iri ndi kumene icokera ndi kumene ipita. Apa mphunzitsi uja ananena zoona, ndipo ana ayenera kudziwa kusiyana kumeneku pophunzira sayansi. M'matauni mudzamva wokonza njinga akunena kuti tayala liribe mphepo. Ine sindimdzudzula, koma m'buku la sukulu ndikadakonda kuti m'tayala mukhale mpweya.

Pali tanthauzo lacitatu, limene anthu salichula mokweza. Cinthu cimene ciribe thupi, koma cigwetsa mitengo ndi kusasula madenga, cinakumbutsa anthu a mitundu yambiri za mizimu. Kwa Aswahili pepo ndi ciwanda cogwira munthu, ndipo peponi ndiko ku paradiso. Ashona ali ndi mamhepo, mizimu yoipa. Alozi ndi Azulu ali ndi liu limodzi, moya kapena umoya, la mphepo, mpweya ndi mzimu womwe. Ahebri anali ndi ruach, Agiriki anali ndi pneuma, ndipo onse awiri atanthauza zitatu zomwezo. Ici cinapatsa nchito otembenuza Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922. M'mutu wacitatu wa Yohane muli ndime imene liu limodzi la Cigiriki liima kawiri, poyamba kunena za mphepo, kenaka za Mzimu. M'Cinyanja anayenera kuika mau awiri osiyana, popeza ife tinali nalo kale liu lathu lakuti mzimu. Komabe ganizo lakalelo silinafe. Akulu anena za mphepo zoipa zimene zigwera mudzi, ndipo ife tiri ana anatiletsa kuthamangira kabvulumvulu, amati muyenda mfiti. Kabvulumvulu abadwa pamene nthaka youma yatentha kwambiri, mpweya wa pamwamba pake nukwera mozungulira. Mfiti mulibemo, koma minga, mcenga ndi makala a moto zirimo, ndipo lamulo la agogo linapulumutsa maso a ana ambiri.

Makolo athu sanangoiopa mphepo, anaigwiritsa nchito. Mlenje wa m'cigwa ca Luangwa ananyamula kathumba ka phulusa, nakagwedeza pang'ono kuti aone kumene phulusa lilowera, cifukwa njobvu siona patali koma mphuno yake sinama. Wolondola nyama mphepo iri kumsana kwake abwerera cimanjamanja, kapena sabwerera konse. Operekeza alendo oyenda pansi m'nkhalango ya South Luangwa akali kucita cimodzimodzi. Otentha chire anayembekeza madzulo kapena m'mamawa, mphepo itagona, kuopa kuti lupsa lingalumphire ku nkhokwe. Nyumba ya agogo anga inapenya kumadzulo, monganso nyumba zambiri za m'mudzimo, kufulatira mphepo ya m'cisanu. Oyenga citsulo a m'dera la Kasungu, a m'mapiri a Nyika, ndi a kumpoto kwa Zambia anaumba ng'anjo zazitali za dothi, zina zoposa msinkhu wa munthu, zimene sizinafune mvukuto. M'munsi mwake anaika timipope ta dothi. Moto ukakolera, mpweya wotentha unakwera kutulukira pamwamba, nukoka wina watsopano kudzera m'timipopeto usiku ndi usana. Anthu amenewa sanalembe buku la sayansi, koma anadzipangira mphepo yaoyao mkati mwa ng'anjo. Ndipo amai, atapuntha mapira kapena nyemba, anaimirira pa bwalo nakhuthula licero kucokera m'mwamba, kuti mbeu zigwe pansi, mankhusu apite. Nchito imeneyi ndiyo kuulutsa. Lisungeni liu limeneli, tidzalipezanso kutsogoloku.

Tsopano tifike pa maina. Kwa makolo, mphepo sinali imodzi. Mwera ndiwo uja wa m'cisanu, wocokera ca kumwera. Mpoto uomba m'dzinja kucokera mbali inayo, ndipo ndiwo mnzake wa mvula, pakuti mpweya wonyowa umene utibweretsera dzinja ufika kucokera ku nkhalango za Congo ndi ku mbali za Tanzania. Bvuma acokera kotulukira dzuwa, zambwe kolowera dzuwa. Taonani tsono cimene cacitika. Mbali ziwiri za dziko tinazicha potsata dzuwa: kum'mawa ndi kumadzulo. Koma pa mbali ziwiri zotsalazo dzuwa silithandiza, ndipo apo makolo anafunsa mphepo. Kumpoto ndiko kwao kwa mpoto. Kumwera ndiko kwao kwa mwera. Ngakhale kum'mawa ndi kumadzulo kuli maina ena akale, kubvuma ndi kuzambwe, amene ana ambiri a masiku ano sanawamvepo. Mwana wa ku Lusaka anena tsiku ndi tsiku za cigawo ca kumpoto ndi cigawo ca kumwera osadziwa kuti akuchula mphepo ziwiri.

Pali cinanso cokondweretsa. Kwa Abemba umwela ndi mphepo iri yonse, kapena mpweya umene. Kwa ife mwera ndi mphepo imodzi yokha. Ine ndiona kuti liu limene poyamba linali la mphepo zonse linatsalira pa mphepo imene inaposa zinzake, ndipo malo amene mwera uposadi zinzake ndi pa nyanja ya Malawi, kumene Kalonga anakhazika likulu lake ku Mankhamba, Undi asanapatuke kulowera kumadzulo. Acewa a ku Katete ndi Chadiza akhala kutali ndi nyanja, koma pakamwa pao pakali mau a kugombe.

Aswahili anacita cimodzimodzi. Mphepo yao ya kumpoto ndi kaskazi, ndipo kumpoto ati kaskazini. Ya kumwera ndi kusi, ndipo kumwera ati kusini. Mphepo ziwiri zimenezi zinaumba mbiri ya mbali yonse ino ya Africa. Pamene dziko lalikulu la Asia lizizira, kuyambira Novembala kufikira Febuluwale, mpweya ucoka kumtunda kulowera ku nyanja, ndipo kaskazi akankha zombo za matanga kucokera ku Arabia, Persia ndi India kudza ku magombe a Africa. Kuyambira Epulo, Asia atatentha, mphepo itembenuka, ndipo kusi abweza zombozo kwao. Aluya anacha kusinthana kumeneku mausim, ndiko kuti nyengo. Buku lina la Cigiriki lolangiza amalonda a pa nyanja, lolembedwa zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, lichula kale doko la Rhapta pa gombe la kum'mawa kwa Africa, kumene anagulako minyanga. Wamalonda wofika ndi kaskazi sanathe kubwerera tsiku limene afuna. Anayenera kukhala miyezi akudikira kusi, ndipo pakudikirapo anakwatira, anamanga nyumba, anaphunzira cinenero. Mizinda ya Kilwa, Mombasa ndi Sofala inakula motero.

Amene ananyoza lamulo la mphepozi analipira. Vasco da Gama, Mpwitikizi, anacoka ku Malindi m'mwezi wa Epulo 1498 ndi mlondola njira wodziwa nyengo, ndipo anafika ku India patangopita masabata atatu ndi masiku owerengeka. Pobwerera ananyamuka nyengo isanakwane. Ulendo womwewo unamtengera miyezi itatu, amalinyero ake okwana ngati 30 anafa ndi nthenda yotupa nkhama, ndipo anatentha cimodzi ca zombo zake cifukwa panalibenso anthu okwanira kuciyendetsa.

Musaganize kuti zimenezi zinali kutali ndi ife. Mu 1960, anchito okumba pa kaphiri ka Ing'ombe Ilede, kufupi ndi pamene Lusitu athira mu Zambezi, pokonza madzi a anthu amene anasamutsidwa cifukwa ca damu la Kariba, anapeza manda a anthu olemera a zaka za m'ma 1400 ndi 1500. Anaikidwa ndi mikanda ya golide, mitanda ya mkuwa, zidutswa za nsalu, ndi mikanda ya galasi yocokera kutsidya la nyanja ya India. Mikanda imeneyo inaoloka ndi kaskazi. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda pansi kucokera ku Tete kupyola dziko la Amaravi kufikira ku Kilwa, ndipo anatsata njira zimene amalonda a kuno anazidziwa kale. Minyanga ya m'dziko la Undi ndi ya m'cigwa ca Luangwa inatsikira ku gombe pa mapewa a Abisa ndi Ayao, nikakwera zombo.

Koma mphepo sisankha katundu. Matanga amene anabweretsa nsalu ndi mikanda ndi omwewo amene anacotsa anthu. M'zaka za m'ma 1840 Mswahili wina, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota nachedwa Jumbe, ndipo iye ndi olowa m'malo mwake anakhoma zombo za matanga pa nyanja ya Malawi, zofanana ndi za ku Zanzibar. Anthu ogwidwa m'midzi ya kumadzulo kwa nyanja, ena ocokera kutali monga ku Luangwa, anafika ku Nkhotakota ali m'magoli, napanikizidwa m'zombo, naolotsedwa kunka tsidya la kum'mawa, kumene anayambanso ulendo wa pansi wa miyezi kulinga ku Kilwa. Maulendo otere anacitika m'cilimwe, mitsinje itaphwa ndi udzu utapsa, ndiyo nyengo yomwe mwera ulamulira nyanja. Taganizani munthu wa kumtunda, amene sanaonepo madzi oposa dziwe la kwao, womangidwa m'munsi mwa combo cogwedezeka ndi mafunde. Christopher Rigby, kazembe wa Britain ku Zanzibar, anawerengera kuti akapolo 19,000 ocokera ku maiko ozungulira nyanjayi anali kupyola pa nyumba ya msonkho ya Zanzibar caka ciri conse. Ndipo awa ndi okhawo amene anafika amoyo. Msika wa akapolo wa ku Zanzibar unatsekedwa mu 1873, koma zombo za pa nyanja ya Malawi zinapitirizabe kuolotsa anthu kufikira m'zaka za m'ma 1890. Pamene tiphunzitsa ana za mphepo za malonda, tisaime pa mikanda yokha.

David Livingstone anafika pa nyanjayi mu Seputembala 1859, ndipo mu 1861 anabweranso ndi bwato la nkhafi zinai, pamodzi ndi John Kirk. Mafunde amene anakumana nao anamcititsa kuicha nyanja ya anamondwe. Cifukwa cake ncosabvuta kuciona pa mapu. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, yagona kucokera kumwera kunka kumpoto pakati pa mapiri, ngati ngalande. Mwera ukalowa kumunsi kwake uthamanga utali wonsewo popanda coutsekereza, ndipo mafunde akulirakulira pamene apita kumpoto. Mwera womwewo ubvundula madzi a pansi kumwera kwa nyanja, nukweza cakudya ca tinsomba. Cotero mphepo imene iletsa msodzi kulowa m'madzi lero ndiyo imkonzera usipa wa mawa.

Tsoka lalikulu la pa nyanjayi linadza ndi mwera. Sitima ya Vipya inapangidwa ku Scotland, nibwera zidutswazidutswa, nilumikizidwa pa gombe la nyanja. Inali itangoyamba kumene kunyamula anthu. Pa 30 Julai 1946, ikucokera ku Mbamba Bay, tsidya la Tanganyika, kulinga ku Florence Bay, kumene tsopano kuchedwa Chitimba, inakumana ndi mafunde akulu, inapendekeka, nimira. Anthu 145 anafa. Msodzi wa bwato akaona mwera wakwiya amakokera bwato lake pa mcenga nakhala pansi kusoka ukonde, ngakhale masiku atatu. Sitima ya injini iyenda ndi ndandanda ya masiku yolembedwa mu ofesi, ndipo mwera suwerenga ndandanda. Ilala, imene inadza m'malo mwake, inayamba kuyenda mu 1951.

Tibwerere tsopano ku liu lija ndinati mulisunge. Mu 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati, boma la atsamunda linatsegula kanyumba ka wailesi ku Lusaka, makamaka kuti anthu amve za nkhondo imene abale ao anapitako. Nkhondo itatha, Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani, anaikuza nikhala Central African Broadcasting Station, yolankhula kwa anthu akuda a maiko atatu m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona ndi Cindebele. Bvuto linali lakuti mawailesi anali okwera mtengo ndipo anafuna magetsi. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain inapanga kawailesi ka batire kooneka ngati sefuliya, kochedwa Saucepan Special, ka mtengo wa mapaundi 5, batire lake paundi imodzi ndi masheleni 5. M'zaka zowerengeka mau a Alick Nkhata ndi anzake anamveka m'makomboni a ku migodi ndi m'midzi yakutali.

Cinthu catsopano cifuna dzina, ndipo anthu sanapite kutali kukalifuna. Nchito yotumiza mau anaicha kuulutsa, monga amai aulutsa mapira pa bwalo. Azungu naonso anatenga liu lao la nchitoyi ku munda, kwa mlimi wofesa mbeu momwaza. Ndipo nyumba yocokera mauwo ambiri aicha nyumba ya mphepo. Kunena zoona, dzinali silimvana ndi sayansi. Kulira kwa ng'oma kuyendadi mu mpweya, mamita ngati 340 pa sekondi imodzi, ndipo nciye cifukwa ng'oma ya gule imveka bwino mphepo ikamacokera ku mudzi umene akubvinako. Koma mafunde a wailesi safuna mpweya konse. Athamanga makilomita 300,000 pa sekondi, ndipo mu 1969 anatibweretsera mau a anthu ali pa mwezi, kudutsa m'mlengalenga mopanda mpweya ndi pang'ono pomwe. Ngakhale ziri tero, sindinganene kuti anthu analakwa. Cinthu cosaoneka, colowa m'nyumba zitseko ziri zotseka, codumpha mitsinje ndi malire a maiko, akadacicha ciani?

Ndipo tanthauzo lija lacitatu linatsatira liu lake. M'zaka za 1952 ndi 1953, pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali kukakamizidwa pa anthu amene anacikana, mphekesera inabuka yakuti ena a oulutsa mau a ku Lusaka anali a kamunyama, ogwira anthu ndi kuwakama magazi. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa nyumbayo, anasimba za mantha amenewa m'buku lake lochedwa Wayaleshi la mu 1959. Nkosabvuta kuseka lero. Koma anthu anaona kuti mau a m'mphepowo, ngakhale anatuluka pakamwa pa abale ao, mwini wake anali boma limene silinawamvere, ndipo anafotokoza kukaika kwao ndi mau amene anali nao.

Liu lina la banja lomweli lapeza nchito yatsopano m'masiku athu. Namondwe poyamba anali mkuntho wa pa nyanja. Tsopano ndilo dzina la mphepo zazikulu zozungulira zimene zibadwira pa madzi ofunda a nyanja ya India, monga Idai amene anasakaza mzinda wa Beira mu 2019, ndi Freddy amene anayenda pa nyanja masabata oposa asanu asanagwetse mapiri pa midzi ya ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe mu 2023, napha anthu mazana ambiri. Olengeza za nyengo sanafune kupeka liu lina. Lakale lija linakwanira.

Kwa inu aphunzitsi ndiri ndi pempho limodzi. Zikani nsungwi yaitali pa bwalo la sukulu, kutali ndi mitengo ndi zipupa, ndipo mumangirire kansalu kopepuka kunsonga kwake. Pansi pake ikani miyala inai yolembedwa kumpoto, kumwera, kubvuma ndi kuzambwe. M'mawa uli wonse, pa ola limodzimodzi, mwana mmodzi alembe m'buku kumene mphepo icokera, ngati iri yozizira kapena yofunda, ndi m'mene thambo lionekera. Muwakumbutse kuti mphepo ichedwa ndi kumene icokera, osati kumene ipita. Kansalu kakaloza kuzambwe, ndiye kuti akuomba ndi bvuma. Pofika Seputembala anawo adzaona okha kuti kwa miyezi isanu kansaluko kakhala kakuloza pafupifupi mbali imodzi, ndipo mvula ikayandikira adzakaona kakuyamba kusinthasintha. Atumeninso kwa agogo ao akafunse maina a mphepo m'Cinsenga, m'Cikunda, m'Citumbuka ndi m'zinenero zina za kwanuko, alembe ndi nyengo imene iri yonse iomba. Musunge kansalu kena kapadera m'kabati, cifukwa koyambako sikadzapyola Ogasiti kasanang'ambike.